Mzere wa Choko pa Kontena ya Nsomba

Bambo anga anakonza makina oziziritsa makontena kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo pa zaka zonsezo panalibe kontena yodutsa m'manja mwawo yomwe inakafika kutsidya kwa nyanja katundu ataonongeka. Yoyamba ndi yomwe anasainira kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti amwalire. Imeneyo sanakwerepo okha. Anatuma ine.

Ndiyambe ndafotokoza ntchitoyo, poti si yovuta kumva. Kontena yoziziritsa ndi chibokosi chachitsulo chachitali ngati basi, ndipo kumutu kwake kuli makina onga a furiji. Pamwamba pa makinawo pali chibowo cholowera mpweya. Chimatsekedwa ndi kambale kachitsulo kozungulira, komangidwa ndi nati ya mapiko awiri yomwe umapotokola ndi zala. Mukamatumiza zipatso, chibowocho mumachitsekula. Mukamatumiza nsomba kapena nyama youma ndi chisanu, mumachitseka mpaka kumapeto. Mukapanda kutero, mpweya wachinyezi wa panyanja umangolowa, n'kumaundana pa makina mpaka makinawo kutsamwa ndi ayezi wawo womwe. Kunja amamveka akulira bwinobwino, koma m'kati katundu akufewa.

"Chipatso n'chamoyo, Pulofesa, chimapuma," ankatero bambo. "Nsomba inafa kale. Mpweya wakowo iufuniranji?"

Dzina la Pulofesa ndinalipeza kuntchito komweko. Ndinasiya koleji m'chaka chachiwiri nditalephera mayeso awiri, koma kunyumba sindinanene. Kwa miyezi inayi ndinkadzuka m'mawa, kusamba, kunyamula chikwama, n'kukakhala pa benchi ya pa siteji ya basi mpaka dzuwa litapendeka. Tsiku lina bambo anatumidwa m'tauni kukagula mapaipi, ndipo anandipeza pa benchipo ndikusinza, mutu uli pa chikwama. Sanakalipe. Anakhala pambali panga, mabasi atatu n'kudutsa, kenako anati, "Popeza kudzuka m'mawa ukutha, mawa tidzukire limodzi."

Yadi yathu inali pafupi ndi doko. Panali nyumba yaikulu yozizira ya zitseko zisanu ndi chimodzi, mizere ya makontena oyera olumikizidwa ku magetsi ndi zingwe zonenepa ngati mkono wa mwana, ndi kashedi ka zipangizo kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mpanda. Kumeneko bambo ankadziwika kuti a Manzere, chifukwa chilichonse ankachita ndi dzanja lamanzere. Anali ndi kachitidwe kawo komwe sikanalembedwe m'buku lililonse la kampani. Akatseka chibowo cha mpweya, ankatulutsa choko m'thumba la ovolosi n'kulemba mzere umodzi wodutsa pa kambale kaja mpaka pa chitsulo cha m'mbali. Munthu akasuntha kambaleko, mzerewo unkaduka. Aliyense pa yadi ankadziwa kuti ukaona mzere wa a Manzere uli wathunthu, palibe chifukwa chokokera makwerero. Madalaivala ankauyang'ana ali pa chiwongolero. Ngakhale alonda a pa geti ankaudziwa.

Tsikulo linali Lachisanu, dzuwa likuswa mtengo. Kontena yomwe tinapatsidwa inali itanyamulapo mapeyala ulendo wapitawo, ndiye chibowo chake chinali chotsekula. Tinaitsuka, kuiyesa makina, kuiika pa madigiri makumi awiri pansi pa ziro, n'kuidzaza makatoni a nsomba mpaka pa mzere wofiira wa kudenga. Mnzawo wa bambo, a Magolovesi, omwe ankagwira nawo ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku, kunalibe. Anapita kukazulitsa dzino.

Kontena itakwezedwa pa galimoto, dalaivala anayamba kuliza hutala.

"Akulu, geti ya kudoko atseka folo koloko! Ine sindigona m'galimoto chifukwa cha nsomba za eni!"

Bambo anakhala pa paleti yopanda kanthu, thandala la matabwa losanjikirapo makatoni, n'kupukuta thukuta ndi chipewa. Anapisa m'thumba, kenako ananditambasulira dzanja. Munali choko, kachidutswa kotalika ngati chala chaching'ono.

"Miyendo yatopa lero. Kwera ndiwe."

Miyezi isanu ndi iwiri ndili pa yadi, anali asanandigwiritsepo chokocho. Ntchito yanga inali kugwira makwerero ndi kuwerenga manambala. Ndinakwera mtima ukugunda ngati akundipatsa digiri ija.

Natiyo inali itadyedwa ndi mchere. Ndinaipotokola ndi dzanja limodzi, kenako ndi manja onse awiri, mpaka khungu la chala chachikulu linasupuka. Sinasunthe ngakhale pang'ono. Inkafuna sipanala ndi kadontho ka oyilo, basi. Koma sipanala inali ku kashedi kaja, kumapeto kwa yadi, ndipo kuti ndikafike kumeneko ndinayenera kudutsa pamaso pa dalaivala ndi anyamata a fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, omwe anali atakhala pamthunzi. Ndinkawamva kale m'mutu mwanga: Pulofesa yamukanika nati.

Ndinayang'ana pansi. Bambo anali atatchinga dzuwa ndi chikhatho, akundiyang'ana, akumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndinakuona komaliza tsiku lomwe kalata yondiitana ku koleji inabwera.

Ndinalemba mzere.

"Watseka?"

"Ndatseka."

"Mpaka kumapeto?"

"Mpaka kumapeto."

Kuchokera pansi, dzuwa lili m'maso, chimene munthu amaona ndi choko choyera basi. Bambo anagwedeza mutu, kusaina pepala pa bondo, n'kumupatsa dalaivala. Nditatsika ndinawabwezera chokocho, koma anakana. "Sunga. Ndili nacho china."

Ndinadziuza kuti ndinena mawa. Kontena imakhala pa doko masiku awiri kapena atatu isanakwezedwe, ndipo kumeneko kuli amakanika. Loweruka linadutsa, Lamulungu n'kudutsa. Lolemba sitima inanyamuka. Ndinalemba dzina lake pa foni, pa tsamba lomwe limaonetsa pamene sitima iliyonse yafika, ndipo kunatuluka kadontho kobiriwira pa nyanja yabuluu. Ndinadziuzanso kuti pa sitima pali munthu wa zamagetsi yemwe amayendera makontena tsiku lililonse, aona yekha. Uthenga umodzi wochokera ku ofesi yathu ukanakwanira kuti akwere n'kutseka. Koma kuti uthengawo upite, ndinayenera kuima pamaso pa bambo n'kunena kuti ndawanamizanso.

Loweruka lotsatira, m'mawa, bambo anagwa pakhonde akupukuta nsapato. Burashi inali idakali m'dzanja. Ku chipatala anati mtsempha waphulika m'mutu. Anamwalira Lamulungu masana osatsekulanso maso.

Pa maliro anthu ankandiona ndikuyang'ana foni, n'kumati mwanayu akuwerenga mauthenga opepesa. Ndinkayang'ana kadontho kaja. Pamene bokosi linkatsitsidwa, kanali katangodutsa pakati pa zilumba ziwiri zomwe mayina ake sindingathe kutchula. Tsopano wowauza panalibe, koma ndinapeza chifukwa china chokhalira chete: anthu onse omwe anaima pa manda ankanena za mzere wa a Manzere. Akapitawo athu analankhula m'malo mwa kampani, ndipo anati, "Bambo awa sanaoletsepo ngakhale mchira wa nsomba." Amayi anagwedeza mutu pansi pa nsalu yakuda. Ine ndinali ndi choko chawo m'thumba la jekete.

Ndinabwerera kuntchito patatha sabata ziwiri. Kadontho kaja kanafika pa doko la kutsidya tsiku la makumi atatu ndi chimodzi, ndipo patapita masiku atatu, Lachitatu m'mawa, akapitawo anaitana a Magolovesi ndi ine.

Ofesi yawo inali kachipinda ka pamwamba pa nyumba yozizira, kozizira nako kuchokera pansi. Anatembenuza kompyuta kuti tione. Chithunzi choyamba chinali cha makatoni ofutuka, othimbirira ndi madzi ofiirira, atamatana n'kuundananso kukhala chimwala chimodzi. Nsombazo zinafewa, kenako n'kuumanso. A zaumoyo a kumeneko anakana kontena yonse, ndipo anakaitaya.

"Ichi anajambula ndi wa zamagetsi wa pa sitima, tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi," anatero akapitawo, akutsekula chithunzi chachiwiri. "Alamu inkangolira. Atakwera anapeza chonchi. Anatseka, koma madzi anali atatayika kale."

Chibowo chinali yasa, ayezi atatuluka m'mphepete ngati ndevu. Pa kambale panali mzere wa choko, wathunthu, wosaduka.

Akapitawo anavula magalasi n'kutikita maso. Sanali munthu woipa. Pa maliro ananyamula nawo bokosi.

"A inshuwalansi akufuna kudziwa chomwe chinachitika, cholembedwa, pofika Lachisanu. Ine ndalemba chonchi." Anandikankhira pepala. "Malemu anali akudwala tsikulo, anthu onse anawaona atakhala pa paleti. Anakwera, mutu sunali bwino, analemba mzere asanatseke. Sitikuwanyoza ayi. Matenda saona kuti uyu ndi katswiri. Iwe unalipo, Pulofesa, unagwira makwerero. Ungosaina apa ngati mboni, nkhani ithe."

Ndinawerenga pepalalo kawiri. Linalembedwa mwaulemu kwambiri. Mawu akuti malemu analimo kanayi.

"Ndisaine lero?"

"Pita nalo. Ndikudziwa kuti n'zowawa. Ubwere nalo Lachisanu m'mawa."

Ine ndi a Magolovesi tinatsika limodzi. Iwo anali munthu wamfupi wa mapewa otambalala, ndipo magolovesi ake achikopa sankawavula ngakhale pomwa tiyi. Nthawi ya nkhomaliro anandikodola, tinakakhala kuseri kwa jenereta komwe phokoso limabisa mawu. Ananyema buledi wawo pakati n'kundipatsa theka.

"Bambo ako ankalemba ndi dzanja liti?"

"Lamanzere, ankolo."

"Ehe. Mzere wawo unkayamba kumtunda chakumanzere, n'kutsetserekera kumanja. Ndauona zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Wa pa chithunzi uja wapendekera kwina." Anatafuna pang'onopang'ono, mbali yomwe kunali mano. "Akapitawo sangaone zimenezo. Iwo amaona mapepala."

Ndinaika buledi uja pa bondo.

"Nati inali yolimba," ndinatero.

"Ndikudziwa. Makontena obwera ndi mapeyala onse amatero." Anandiyandikira. "Ndikuuze chinthu, mwana wa mnzanga. Miyezi itatu yomaliza, manati onse ndinkamasula ndine. Dzanja lawo lija linali litayamba kuzizira. Ndinkakwera, kutseka, kutsika, iwo n'kukwera kukalemba mzere. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Tsiku limodzi lokha ndinachokapo, chifukwa cha dzino. Dzino! Likanatha kudikira Loweruka."

"Si inu munalemba mzerewo."

"Ndi zoona, si ine. Koma saina pepalalo."

Ndinawayang'ana.

"Usandiyang'ane ngati ndaba nkhuku. Bambo ako kumene ali palibe angawachotse ntchito. Iweyo akuchotsa dzuwa lisanalowe, ndipo pa doko lonseli palibe adzakulembenso. Amayi ako atsala ndi iwe wekha. Ukuganiza kuti bambo akowo akanati chiyani? Akanasaina okha, ndi manja onse awiri."

Chowawa chinali chakuti ankanena zoona. Bambo akanasaina. Munthu yemwe anakhala nane pa benchi kuyang'ana mabasi akanasenza nsomba zowola zonsezo popanda kufunsa kulemera kwake. Ndinapinda pepalalo n'kuliika m'thumba momwe munali choko.

Lachinayi nkhani inali itafika paliponse. Pa bolodi la pa geti panakhomedwa chidziwitso choti kuyambira tsiku limenelo chibowo chilichonse chiziyang'aniridwa ndi anthu awiri, ndipo choko n'choletsedwa. Mmodzi wa anyamata a fokolifiti anatumidwa ndi kansanza konyowa kukafufuta mizere yakale pa makontena opanda kanthu omwe anabwerako. Inalipo yambiri. Ina inali itazungulira dziko n'kubwerera idakali yoyera. Ndinamuona akupukuta umodzi umodzi, akuimba likhweru.

Ndikusintha nsapato m'chipinda chovalira, ndinamva awiri akucheza kuseri kwa makabati.

"Ndiye a Manzere aja ankangolemba choko osatseka?"

"Kaya. Mwina zaka zonsezi unali mwayi chabe."

"Ine ndinkadabwa. Munthu wosalakwitsa ngati mngelo?"

Anaseka, osati mwankhanza, koma momwe anthu amasekera akapeza kuti munthu wamkulu anali ngati iwo omwe. Atandiona anatsokomola, wina n'kuti, "Pepa, Pulofesa, sitimadziwa kuti ulipo." Ndinawayankha kuti palibe vuto. Ndinamanga zingwe za nsapato bwinobwino, zonse ziwiri.

Nditafika kunyumba dzuwa linali lisanalowe. Amayi anali pabalaza akusita ovolosi ya bambo, yomwe anaipinda miyendo kuti izindikwana. Chiyambire maliro, nsapato zija zinali zidakali pakhonde, imodzi yopukuta, inayo ayi. Palibe yemwe anazisuntha.

"Ndinakumana ndi akazi a dalaivala uja kumsika," anatero osadzutsa mutu. "Akuti bambo ako anaoletsa nsomba za anthu."

Ndinaika chikwama pa mpando.

"Akuti iwe unalipo."

"Ndinalipo."

"Anakwera okha?"

Ndinayang'ana simbi ikuyenda pa kolala, kupita ndi kubwerera. Pa thumba la pachifuwa panali dzina la kampani, ndi kabanga koyera ka choko komwe sikankachoka ngakhale muchape bwanji.

"Ndakufunsa, iwe."

Ndinawauza. Ndinayamba ndi nati, kenako chala, anyamata a pamthunzi, kumwetulira kuja, kadontho kobiriwira, mpaka pepala lomwe linali m'thumba. Sindinalire. Mawu ankangotuluka ouma ngati ndikuwerenga manambala a makontena. Amayi anasiya kusuntha dzanja, ndipo tinazindikira ndi fungo kuti simbi yapsereza nsalu. Anaichotsa, n'kuyang'ana chizindikiro chabulauni chomwe inasiya pa msana wa ovolosi.

"Ukanati yandikanika, akanakudya?"

"Ayi."

"Nanga za koleji zija anakudya?"

"Ayi, amayi."

Anazula pulagi ku khoma n'kukhala pansi, manja pa maondo. 

"Ndinu amodzi," anatero akuyang'ana pakhomo. "Iwe ndi bambo akowo. Batani la shati linkawakanika, ine n'kumawamangira m'chipinda chitseko chili chotseka, kuti iwe usaone. Ndinawauza kuti tiyeni kuchipatala, akuti mawa. Mawa, mawa. Akatuluka pakhomo apa n'kumayenda ngati msilikali. Nyumba ino ya anthu osalephera yanditopetsa."

"Ndichite chiyani?"

"Usandifunse ine. Ntchitoyo ndi yako, dzinalo ndi lawo. Ine pepala limenelo silikufuna dzanja langa." Anaimirira, kupinda ovolosi yopsererayo, n'kundipatsa. "Koma usandinamizire kuti ukuchitira ine. Ndinadyapo ndiwo zopanda mchere, sindinafe."

Lachisanu m'mawa ndinakwera masitepe a ku ofesi ndisanasinthe n'komwe zovala. Akapitawo anali akuthira shuga mu tiyi. Ndinawapatsa pepala lija. Anayang'ana pamalo posaina, panalibe kanthu.

"Tembenuzani," ndinatero.

Kuseri ndinali nditalemba ndi dzanja langa. Sizinali zambiri. Ndinalemba kuti amene anakwera ndine, kuti nati inandikanika, kuti ndinalemba mzere chibowo chili chotsekula, kuti atandifunsa ndinayankha kuti ndatseka, ndiponso kuti ndinadziwa zimenezi masiku onse omwe sitima inali panyanja koma sindinauze munthu.

Anawerenga mpaka pansi, supuni idakali m'dzanja.

"Ukudziwa tanthauzo la zimenezi?"

"Ndikudziwa."

"Ndinakutsekulira njira yabwinobwino, iwe mwana. Palibe akanavulala."

"Akufufuta mizere ya bambo panjapo."

Anapumira m'mwamba n'kuika supuni pa mbale. "Ukanangolakwitsa, ndikanakumenyera nkhondo. Aliyense amalakwitsa. Koma masiku khumi ndi asanu ndi anayi uli chete, katundu akufa? Zimenezo sindingazitengere kwa mabwana n'kubwerako nawe. Usiye khadi ndi nsapato za kampani kwa alonda."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinkayembekeza kuti pamenepo chinachake chimasuka pachifuwa, koma akapitawo anali asanamalize. Anatsekula kabati, kutulutsa pepala la tsiku lija, n'kuliyala pa tebulo. Pansi pake panali siginecha ya bambo, yopendekera kumbuyo monga mwa anthu amanzere, yonjenjemera pang'ono pomwe bondo linasuntha.

"Usaganize kuti wawachapa mbee," anatero mofatsa. "Apa anasaina ndi iwo. Lamulo limati wosaina aone ndi maso ake. Lipoti linena kuti sanakwere, anangomva za wothandizira wawo n'kukhulupirira."

"Ndiye mulemba kuti analakwa chiyani?"

"Chomwecho. Kuti anakhulupirira iwe."

Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana siginechayo. Zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo cholakwa chimodzi chokha chomwe chidzakhale m'faelo yawo ndi chimenecho. Ndinafuna kupempha kuti achilembe mwanjira ina, koma njira ina panalibe. Chinali choona.

Nditatsika ndinakatenga nsapatozo m'chipinda chovalira n'kuzipereka kwa alonda pamodzi ndi khadi. Ndikulunjika ku geti ndinamva likhweru. A Magolovesi anali pa malo otsukira, pambali pa kontena yopanda kanthu yomwe inali itangobwera, madzi akutsika m'zitseko zake. Makwerero anali atatsamira kumutu kwake.

"Wachita zopusa," anatero nditayandikira.

"Eya."

"Bambo ako akanakutukwana." Anakoka golovesi limodzi n'kulibwezeretsa. Maso awo anali ofiira, koma mwina ndi sopo. "Usanapite, takwera apa. Msana wanga lero sukufuna."

"Andichotsa, ankolo. Sindiloledwa."

"Ndani akukulemba ntchito? Ndati takwera."

Ndinakwera. M'chibowo munkatuluka kafungo ka mapeyala. Nati yake inali yofiira ndi dzimbiri, mapiko ake atakhakhala ndi mchere. Ndinaigwira, chala chija n'kukhala pomwe panali chipsera. Ndinapotokola ndi dzanja limodzi, kenako ndi onse awiri. Sinasunthe.

Pansi, a Magolovesi anali atatchinga dzuwa ndi chikhatho. Anyamata a fokolifiti anali pamthunzi pawo pa masiku onse, akutiyang'ana.

"Watseka?"

 Ndinachotsa manja pa nati.

"Yandikanika."

"Sindikumva, makinawa akusokosa!"

"Yandikanika, ankolo!"

Mmodzi wa anyamata aja anaseka. Kuseka kwake kunali kwakufupi, ndipo kunathera pomwepo, mnzake n'kuyamba nkhani ina ya mpira.

"Ndiye ukudikira chiyani pamenepo?" anatero a Magolovesi. "Katenge sipanala."

Ndinatsika n'kuyamba kuyenda. Ndinadutsa pamthunzi paja, kudutsa zitseko zisanu ndi chimodzi za nyumba yozizira, kulumpha zingwe zamagetsi, mpaka pa kashedi ka kumpanda. Sipanala inali pa msomali wake, pambali pa kachitini ka oyilo, pomwe bambo ankaikoleka nthawi zonse. Sindinafune kuwerenga mapazi, koma miyendo inawerenga yokha. Analipo zana limodzi ndi khumi ndi awiri.